Mapapo a Apongozi Anga

Ndinakhala pabanja zaka zingapo ndisanaione bwinobwino nkhope ya apongozi anga. Ana a masiku ano ndikawauza amaseka, amati madala akukokomeza, koma kwathu ku Dowa ndi mmene tinaleredwera. Mayi ake a mkazi wako suwayang'ana kumaso, sudya nawo pamodzi, sukhala nawo pa mkeka umodzi. Ukawaona akubwera panjira umapatuka n'kulowa m'chimanga, ngakhale chisoso chikumate thalauza yonse. Moni mumapatsana motalikirana, nonse mutanyonyomala, maso ali pansi. Ine ndinkadziwa zitenje zawo, ndinkadziwa mawu awo, ndinkadziwa ndi zidendene zawo zomwe. Koma mukanandiimika pamsika n'kundiuza kuti ndiwaloze poona nkhope, ndikanaloza mayi wa eni.

Ku Joni ndinafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo nditavutika ndi maganyu a m'magadeni ndinapeza ntchito yopenta nyumba ku Montana, kumpoto kwa Pretoria, kumene nthawi imeneyo tchire lililonse ankaligwetsa n'kumangapo. Mkazi wanga ananditsatira pambuyo pake. Iye anapeza ntchito ya m'nyumba kwa azungu kudera lomwelo, kugona komweko, kubwera kwathu Loweruka madzulo n'kubwerera Lolemba m'mawa. Tinkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Eersterust. Mwana wathu woyamba anabadwa cha m'katikati mwa zaka za m'ma 2000, ndipo atayamba kudya phala tinaitanitsa apongozi kuti adzalere mdzukulu, mayi ake abwerere ku ntchito. Ine ndinavomera msanga, osaganiza bwino. Mkati mwa sabata, m'zipinda ziwiri zija tinkatsala anthu atatu: ine, khanda, ndi munthu amene sindiyenera kumuyang'ana.

Tinapeza njira yake. Ndikaweruka ndinkatsokomola pa geti kuti adziwe kuti ndafika, iwo n'kulowa kuchipinda kwawo. Pakakhala nkhani tinkauza khanda. Iwo ali kuseri kwa chitseko ankati, “Iwe, uwauze bambo ako kuti parafini watha.” Ine ndili pakhomo ndinkayankha kuti, “Uwauze agogo kuti ndamva, ndigula mawa.” Mwanayo anali asanamere ndi dzino lomwe, koma ndiye ankayendetsa nyumba yonse. Mayi mwini nyumba uja ankatimvetsera akuyanika zovala, n'kumapukusa mutu. Tsiku lina anandifunsa ngati ndinayambana ndi gogoyo. Ndinamuuza kuti ayi, umenewo ndi ulemu. Iye anati, “Eish, ulemu wa kwanu ndi wotopetsa.” Zinandipsetsa mtima, moti ndinatha masiku osamupatsa moni.

Nyamakazi apongozi anachita kubwera nayo kuchokera kumudzi. Mkazi wanga ankadziwa kuti amayi ake amadandaula mafupa, koma ndani wa msinkhu umenewo sadandaula mafupa? Chisanu cha ku Pretoria ndicho chinaiulula. Lamlungu lina m'mawa mkazi wanga anawapeza akumanga chitenje ndi mano, chifukwa zala zinkakana kupinda. Zinkadzuka zouma, mfundo zitatupa ndi kutentha, n'kudzamasukako dzuwa litakwera. Pa mfundo iliyonse panali timizere ta mphini zimene anatemera kumudzi, zosathandiza. Atawapanikiza anavomera kuti mwana anatsalapo pang'ono kuwapulumuka m'manja. Zonsezi zinkachitika kuseri kwa khoma limene ine ndinkatsamirapo pogona, koma ndinazimvera kwa mkazi wanga.

Ku kiliniki anawapatsa mapilitsi opha ululu n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha boma m'tauni, kwa madokotala a nyamakazi. Tsiku limene anawauza linali la mkati mwa sabata. Mkazi wanga anali atapempha kale masiku ambiri kwa madamu pa nthawi ya pakati, ndipo ankaopa kuti akapemphanso amuuza kuti asabwerenso. Amayi Chingerezi sankachidziwa, ngakhale Chizulu cha m'takisi.

“Muwaperekeze ndinu,” anatero mkazi wanga.

“Ine? Wapenga kodi?”

“Nanga ndani? Mwanayu?”

“Tipemphe amayi a kumpingo.”

“Onse ali m'makhitchini mwa azungu ngati ine ndemwe. Inu foromani wanu ndi womva.”

Ndinalalata. Ndinatchula makolo, ndinatchula mwambo, ndinamufunsa kuti anthu a kwathu akamva adzati ndine munthu wamtundu wanji. Iye anandisiya mpaka nditatopa, kenako anati, “Mwambo wanuwo uwawongola zala?” Mwana tinakamusiya kwa mayi mwini nyumba, yemwe uja ndinkamumana moni.

M'mawa wa tsikulo ndinatsogola, iwo pambuyo, monga ziyenera kukhalira. Sindinacheuke. Ndikafika pokhota ndinkaima, maso ali ku magalimoto, mpaka nditamva masilipasi awo akuyandikira, kenako n'kupitirira. Ankatenga nthawi kuti afike, ndipo mumtima ndinkawatamanda kuti awa ndiye mayi odziwa mwambo, sakufuna kundiponda zidendene. M'takisi ndiye munandivuta. Munatsala malo awiri ogundizana, dalaivala akuimba hutala, anthu akutikalipira kuti tikuwachedwetsa. Tinakhala phewa ndi phewa. Ine ndinapotoza khosi kuyang'ana pawindo mpaka linauma, iwo anafunda chitenje kumutu. M'chisanu chonse chija ine thukuta linali kamukamu.

Dokotala wake anali mzimayi wachimwenye, wochepa thupi, wolankhula mofulumira. M'chipinda mwake munali mipando iwiri yoyandikana. Ndinakoka wanga n'kuulozetsa kukhoma. Dokotala anadabwa, ndipo ndinamuuza kuti khutu langa ili ndi limene limamva bwino. Kunali kunama, koma mwambo wathu ndikanaufotokoza bwanji ndi Chingerezi changa cha Fomu 2? Khanda loti tilitume panalibe. Kwa nthawi yoyamba ndinayenera kulankhula ndi apongozi mwachindunji, choncho ndinkafunsa khoma, iwo n'kumayankha pansi.

Dokotala anawagwira zala chimodzichimodzi, zigongono, mawondo. Anafunsa kuti zinayamba liti, m'mawa zimauma nthawi yaitali bwanji, kubanja kwawo alipo wina wotere. Zimenezo zinayenda bwino. Kenako anasiya manja n'kufunsa za chifuwa.

“Akuti kodi amayi amatsokomola? Amabanika akayenda?” ndinafunsa khoma.

“Ayi bambo, ndili bwino. Ndi manja okhawa.”

Dokotala anafunsanso ngati amasuta. Mkamwini kufunsa apongozi ake ngati amasuta fodya! Funsolo ndinalizungulira, ndinati adokotala akufunsa za utsi. Amayi anati utsi ndi wa nkhuni basi, monga mayi aliyense. Pamenepo dokotala anatembenukira kwa ine, nati popeza ndimakhala nawo nyumba imodzi, kodi ndawaonapo akutopa msanga poyenda? Ndinayankha ndi mtima wonse kuti ayi, amayenda bwino. Sindinkanama. Zimenezo ndi zimene ndinkadziwa.

Anati atenge magazi. Nesi anadzaza timabotolo tingapo, ndipo dokotala anati kuyeza kwina ndi kwakale, kwina ndi kwatsopano, tidzabwerenso pakatha masabata angapo. Ine ndinatuluka m'chipindamo ngati munthu wothawa moto.

Pobwerera tinadzera ku Marabastad, poti mkazi wanga anandituma kuti ndiwagulire amayi bulangete lochindikala ndi magolovesi a ubweya. Pamalo okwerera matakisi ndinakumana ndi mkulu wina wa kwathu, mlonda wa pa sitolo ina ya amwenye. Anayang'ana ine, anayang'ana amayi ataima kutali ndi bulangete pamutu, n'kumwetulira.

“Achimwene, Joni yakusinthani,” anatero. “Mpaka kumayenda m'tauni ndi apongozi?”

Ndinati tachokera kuchipatala. Iye anati wamva, koma anati wamva mwa mtundu uja woti Lamlungu mpingo wonse ukhala utamva. Ndinalakalaka nditalowa pansi.

Loweruka mkazi wanga atabwera ndinamufotokozera zonse, mpaka za funso la fodya, ndikuyembekeza kuti akwiya nane limodzi. Iye anaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Amayi? Chingambwe anayamba ine ndisanabadwe. Amasuta moto uli mkamwa kuti utsi usaoneke. Fodya anabwera naye pa mpango, amasutira kuseri kwa chimbudzi inu mukapita ku ntchito. Panopa zala zikukana, ndimawapichirira ndine Lamlungu.”

“Ndiye bwanji sunandiuze?”

“Munafunsa? Za amayi inu mumafuna kumva?”

Ndinafunsa za kutsokomola. Anati n'kachifuwa ka chisanu, aliyense ali nako.

Tsiku lobwerera litakwana, dokotala sanayambe ndi manja. Anandiuza kuti ndimvetsere bwino, chifukwa akufuna kuti amayi amve zonse. Anati m'magazi mwa munthu muli asilikali oteteza thupi ku matenda. Mwa amayiwa asilikali ena asokonezeka, akumenya mfundo za mwini wake, ndipo nyamakazi yawo ndi yamtundu umenewo. Mitundu iwiri ya asilikali otere imene anayeza yonse yapezeka, ndipo yachuluka kwambiri. Anati mwa anthu amene asilikaliwa achuluka chotere, nthendayi nthawi zina siithera m'mfundo, imakafika ndi m'mapapo momwe, makamaka ngati munthuyo amasuta. Magaziwo sakunena kuti mapapo agwidwa ayi, akungonena kuti tikayang'ane kumeneko.

Pamenepo ndinaulula za chingambwe, m'Chingerezi, mwini wake ali pompo osamva kanthu. Ndinamva ngati ndikuwavula pagulu. Dokotala anagwedeza mutu, nati ndiwauze kuti asiye. Ndinafotokozera khoma za asilikali aja mmene ndikanathera, ndipo pomaliza ndinati, “Akutinso utsi wamtundu uliwonse si wabwino kwa amayi.” Amayi anati, “Ndamva, bambo,” motsitsa mawu kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti adziwa kuti ndadziwa.

Koma za mapapo anakana. “Muwauze kuti ine ndabwera ndi manja,” anatero. “Andipatse mankhwala a manja tizipita. Inu mwajomba kale ku ntchito chifukwa cha ine.”

Mawu amenewa ndinawamasulira mosangalala, chifukwa nanenso ndinkangofuna khomo. Dokotala sanasunthike. Anati mankhwala ena a nyamakazi amatha kupweteka mapapo amene ali kale ndi vuto, ndiye sangasankhe mankhwala a manja asanadziwe za chifuwa. Anaitana nesi, mayi wachikulire wa Chipedi, amene anapana chala cha amayi ndi kachipangizo kooneka ngati pegi yoyanikira zovala, koonetsa kuchuluka kwa mpweya wabwino m'magazi. Dokotala anati amayi ayende m'kolido, kupita n'kubwera, ndipo ine ndiyende pambali pawo, ndiziwafunsa mmene akumvera, ndiwagwire ngati atadzandira. Ndinati nditsogola, adzinditsatira. Dokotala anandiyang'ana mokwiya n'kuloza pansi, pambali pa amayi.

Tinayamba bwino. Maso anga anali pa mapazi awo, ndipo mapaziwo ankaponda mwamphamvu, mwina pofuna kuonetsa dokotala kuti akutaya nthawi. Tisanafike kumapeto kwa kolido mapazi anayamba kufupikitsa. Ndinamva mpweya wawo, wofulumira, wosafika pansi. Potembenuka anagwira khoma. Mapewa ankakwera n'kutsika. Ndinaona dzanja lawo lotupa lija likutenga nsonga ya chitenje n'kuiika pakamwa, kuluma, kuti chifuwa chisatuluke ine ndili pafupi. Chinakana kubisika. Chinatuluka chouma, chosalekeza, mpaka anawerama. Nesi anaonetsa dokotala kachipangizo kaja, kuti aone mmene mpweya watsikira.

“Amayi akumva bwanji?” ndinafunsa, poti ndi zimene anandituma.

“Ndili… bwino… bambo.”

Ndi m'kolido mmenemo mmene ndinamvetsa chimene chinkawachedwetsa panjira. Nthawi zonse zija ine nditaima pokhota, ndikuwatamanda kuti akudziwa mwambo, iwo anali atagwira mpanda wa eni kumbuyo kwanga, kufunafuna mpweya. Akamva kuti wabwerako, ankapukuta kumaso n'kukoka masilipasi kuti ndimve kuti afika. Munthu aliyense wodutsa mu msewu umenewo anaziona, ngakhale ana opita ku sukulu. Amene sanaone ndine ndekha, wowaperekeza, amenenso ndinauza dokotala kuti amayenda bwino. Manyazi amene ndinkachita m'takisi anali a masewera. Awa ndiwo anali enieni.

Titabwerera m'chipinda dokotala anati akufuna kumvera kumsana, avule juzi ndi bulauzi. Ndisanamasulire n'komwe ndinali nditafika kale pachitseko. Nesi uja anaseka. “Hee, mokgonyana!” anatero, kumene kuli kunena kuti mkamwini m'chilankhulo chawo. Anauza dokotala kuti nakonso kwawo zimenezi ziliko, asandikakamize. Anakoka katani, amayi mkati, ine kunja. Koma ntchito yanga sinathe, chifukwa dokotala akalamula, wonena ndinali ine. Ndinaima pamenepo, bambo wa ndevu zanga, n'kumakuwira katani kuti, “Kokani mpweya! Tulutsani! Kokaninso!” Chibadwire ndinali ndisanawalamulepo apongozi ngakhale kuti akhale pansi. Anthu a pa benchi panja ankasuzumira kuti aone amene akukuwa.

Dokotala anatuluka kuseri kwa katani nkhope ili ina. Anati wamva zimene amaopa, ndipo pafunika kuyeza makhololo kuti aone ngati si chifuwa chachikulu, kujambula m'chifuwa, ndi kuwauziritsa mpweya m'makina. Zimenezi zitenga maulendo angapo. Ndinauza katani. Katani inayankha kuti ayi, zimenezo n'zovutitsa ana, kachifuwa aka katha chisanu chikatha. Ndinamasulira. Dokotala anavula chomvera m'chifuwa chija m'khosi mwake n'kundipatsa. Anati amayiwa ine dokotala sakundikhulupirira, ndipo wodzabwera nawo kuno ndiwe, ndiye bwera udzimvere wekha.

Ndinakana. Ndinabweza manja kumbuyo ngati wandipatsa njoka. Nesi anati ndisaope, awafunditsa bulangete thupi lonse, pangotsala kamalo kochepa kumsana, ndipo chitsulocho agwira ndi dokotala, ine changa n'kumva basi. Komabe zimenezi sizikanachitika mwini wake osalola.

“Amayi,” ndinatero, “akuti ndimvere nawo.”

Ndinapemphera kuti akane.

“Poti ndi kuchipatala, bambo,” anatero.

Ndinalowa nditatsinzina. Nesi anandigwira pamkono n'kundiimika, dokotala anandiveka m'makutu. Poyamba anaika chitsulo chapamwamba, ndipo ndinamva mpweya ukulowa n'kutuluka bwinobwino. Kenako anatsitsa chakumunsi. Amayi atakoka mpweya ndinamva kuthetheka, tinthu tambirimbiri tating'ono, ngati mapesi ouma akayamba kugwira moto. Anasamutsira mbali inayo, chimodzimodzi. Ndinaima pamenepo, maso ali chitsinzinire, ndikumva m'kati mwa munthu amene kunja kwake ndinali ndisanakuone. Nditavula m'makutu sindinadikire kuti dokotala alankhule. Ndinati, “Amayi, tibweranso. Za ku ntchito zisiyeni, ndi zanga.” Sanatsutse.

Maulendo aja tinayenda onse. Makhololo anaonetsa kuti si chifuwa chachikulu, ndipo mkazi wanga atamva anavina m'nyumba, poti kwa ife nthenda ya m'chifuwa yoopsa inali imeneyo. Ine sindinavine, chifukwa kuthetheka kuja kunali kusanachoke m'makutu mwanga. Anawajambula, anawalowetsa m'chimakina china chozungulira, anawauziritsa mpweya m'kapaipi mpaka misozi. Fodya wa pa mpango uja mkazi wanga anakamutaya m'bini ya mumsewu, ndipo amayi anatha sabata osamulankhula bwino. Kumpingo nkhani inafikadi. Amuna anzanga ankandifunsa moseka ngati tsopano ndimadyanso ndi apongozi mbale imodzi. Ndinkangoti ayi, n'kusintha nkhani, koma mumtima ndinkafuna kuwawaza makofi.

Ulendo womvera zotsatira unafika chisanu chitayamba kutha. Ndinakokanso mpando wanga n'kuulozetsa kukhoma, poti chizolowezi sichifunsa. Dokotala anapachika zithunzi pa galasi lowala, nalankhula pang'onopang'ono, mosiyana ndi masiku onse. Anati kumunsi kwa mapapo onse awiri kuli zipsera, ndipo zachokera ku nyamakazi yomwe ija, fodya n'kuwonjezera. Pamene pachita chipsera sipabwereranso. Mankhwala alipo, a manja osapweteka mapapo, ndi ena ofooketsa asilikali aja kuti zipsera zisafalikire msanga. Kwa ena amathandiza zaka, kwa ena sathandiza kwenikweni, ndipo iye sangalonjeze kuti amayi ali mbali iti. Mpweya ukhoza kumacheperachepera. Anati zikanakhala bwino akanabwera kale, koma ndi bwinobe kuti zadziwika. Pomaliza anati ndiwauze zonse, chifukwa mapapowo ndi awo.

Mawu otere kwathu sanena mkamwini. Amanena ndi alongo awo a munthu, kapena akuluakulu a kubanja, atakhala pansi, atayamba ndi nkhani zina. Ine ndinali wobwera, wokwatira mwana wawo, wopenta nyumba za azungu. Ndinayang'ana khoma lija, penti wake wobiriwira wopakidwa mosasamala, ndipo ndinati, “Akuti mankhwala alipo, amayi. Akuti tizibwera kudzatenga.”

“Basi?”

“Akutinso fodya ndiye asayerekeze.”

“Adokotala alankhula nthawi yaitali, bambo. Inu mwafupikitsa.”

Ndinati Chingerezi ndi chotero, chimazungulira. Ndinamva mpando wawo ukukwekwereka pa simenti.

“Tembenukani,” anatero.

Ndinayesa ngati sindinamve.

“Bambo, ndakupemphani. Kuno ndilibe mlongo, ndilibe mwamuna. Amene wamva za moyo wanga ndinu. Tembenukani.”

Ndinatembenuza mpando. Ndinayamba ndi mapazi, amene ndinkawadziwa, kenako chitenje, kenako manja otupa aja ali pamiyendo. Pamenepo khosi linakana kutukula mutu, ndinachita kulikakamiza. Chitenje chakumutu anali atachitsitsira m'mapewa. Anali mayi wa nkhope yaing'ono, yowonda, wa mpata pakati pa mano ngati mkazi wanga, ndipo mphumi yawo inali ya mwana wanga yeniyeni. Milomo yawo inali yotuwa modera, mtundu umene ngakhale ine wosaphunzira za chipatala ndikanadziwa kuti si wa munthu wopuma bwino, ndikanangoyang'ana kamodzi kokha m'miyezi yonse ija. Nawonso ankandiyang'ana, osaphethira, ndipo ndinazindikira kuti iwonso aka kanali koyamba kumuona bwinobwino munthu amene anamupatsa mwana wawo. Maso anga anadzaza, ndinalephera kuwabweza.

Anandiyang'ana kanthawi ndithu, kenako anagwedeza mutu pang'ono.

“Nkhope yanu yanena kale,” anatero. “Tsopano nenani ndi pakamwa, musasiyeko.”

Ndinawauza. Za zipsera, kuti sizidzachoka, kuti mankhwala mwina agwira mwina ayi, kuti mpweya ukhoza kumachepa. Ndinanena zonse mmene ananenera dokotala, ndikuwayang'ana, ndipo paliponse pamene mawu anga ankafuna kuthawa ankandidikira mpaka nditamaliza. Sanalire. Anafunsa funso limodzi lokha, kuti ndimufunse dokotala ngati angapitirize kubereka mdzukulu wawo kumsana. Dokotala anati pang'ono, m'nyumba, osati panjira, ndipo akamva kubanika amutsitse.

“Ndiye zili bwino,” anatero amayi. Anasonkhanitsa mpweya, kenako anawonjezera kuti, “Mwana wangayo mumusiye, ndikamuuza ndekha Loweruka. Inu mwasenza zokwanira.”